Ndani alipire maola a dokotala wofufuza za chithandizo chamwadzidzidzi?

Zipinda zothandizira odwala mwadzidzidzi m'zipatala za ku America zimalandira anthu maulendo oposa 130 miliyoni chaka chilichonse. Dziko lomwelo lili ndi bungwe la National Institutes of Health, lodziwika kuti NIH, lomwe limagawa madola pafupifupi 47 biliyoni pachaka pa kafukufuku wa zaumoyo. Koma mukawerenga nthambi 27 za bungweli mupeza ya khansa, ya mtima, mapapo ndi magazi, ya maso, ya mano, ya matenda a shuga ndi impso, ngakhalenso ya ukalamba, ndipo simupezapo ya chithandizo chamwadzidzidzi. Chomwe chilipo ndi ofesi yaing'ono ya Office of Emergency Care Research, yomwe idatsegulidwa mu 2012 ndipo ilibe thumba lakelake loperekera ndalama kwa ofufuza. Ntchito yake ndi kugwirizanitsa nthambi zinazo ndi kulozera ofufuza khomo loti agogodepo. Mkulu wa ofesiyo atawerengera mmene ndalama za kafukufuku watsopano zinkagawidwira m'zaka zoyambirira za ofesi yake, adapeza kuti gawo la chithandizo chamwadzidzidzi silinkalandira ngakhale dola imodzi pa madola 100 alionse.

Maganizo anga ndi akuti gawoli silisowa mafunso ofunika, ndipo silisowa achinyamata aluso ofuna kuwayankha. Chomwe likusowa ndi munthu wovomera kulipira maola amene dokotala sakuona odwala koma akufufuza. Nkhani ya mwayi wa ntchito m'mayunivesite ndi nkhani ya ndalama za kafukufuku zimakambidwa ngati ziwiri, pamene kwa dokotala wachinyamata ndi nkhani imodzi: ngati palibe wogula nthawi yake, udindo wa uphunzitsi umene wapatsidwa ndi dzina chabe lolembedwa pachitseko.

Mbali ina ya vutoli ndi msinkhu wa gawoli. Mu 1966 bungwe la National Academy of Sciences lidatulutsa lipoti lodandaula kuti imfa ndi kulumala kobwera ndi ngozi ndi mliri wonyalanyazidwa, ndipo nthawi imeneyo zipinda za odwala mwadzidzidzi zinkasiyidwa m'manja mwa madokotala ongoyamba kumene kapena aliyense amene dzina lake lagwera pa ndandanda ya usiku. Bungwe la American College of Emergency Physicians lidabadwa mu 1968, maphunziro oyamba a ukatswiri umenewu adayamba ku University of Cincinnati mu 1970, ndipo gawoli lidavomerezedwa kukhala ukatswiri paokha mu 1979. Bungwe la aphunzitsi ndi ofufuza ake, Society for Academic Emergency Medicine, lidakhazikitsidwa mu 1989. Pofika nthawi imeneyi minda inali itagawidwa kale: nthambi zazikulu za NIH zinali zitakhazikika potsata ziwalo za thupi ndi mayina a matenda, ndipo wobwera mochedwayu adayenera kupempha ndime m'munda wa wina. Dokotala wofuna kufufuza za kupweteka pachifuwa amapita kwa a mtima, wa sitiroko kwa a ubongo, wa mankhwala osokoneza bongo kwa a nthambi yawo. Nanga wofuna kudziwa chomwe chimachitika kwa nkhalamba yofika yofooka ndi yosokonezeka maganizo, isanadziwike kuti ikudwala chiyani, apite kuti? Funso lotere, lomwe ndi funso la tsiku ndi tsiku m'chipinda cha odwala mwadzidzidzi, lilibe mwini.

Njira ya dokotala wofufuza ku America ndi yaitali. Akamaliza zaka zinayi za digiri yoyamba ndi zinayi za udokotala, amaphunzira ukatswiri zaka zitatu kapena zinayi, kenaka chaka chimodzi kapena ziwiri za luso la kafukufuku, nthawi zambiri pamodzi ndi digiri ya masitazi. Akatero amapikisana kuti apeze thandizo la NIH la ongoyamba, lotchulidwa ndi chilembo cha K, lomwe limafuna kuti magawo atatu mwa anayi a nthawi yake apite ku kafukufuku kwa zaka zosaposa zisanu. Pamapeto pake ayenera kupeza thandizo lalikulu lotchedwa R01, chizindikiro choti tsopano waima payekha, ndipo madokotala ambiri amalipeza atadutsa zaka 40. Nthawi yonseyi ali ndi ngongole ya sukulu yomwe kwa ambiri imafika cha m'ma 200,000 madola. Thandizo la K limalipira malipiro a cha m'ma 100,000 madola pachaka, pamene mnzake amene adasankha kungoona odwala amalandira oposa 300,000. Kusiyanaku kuyenera kukwiriridwa ndi dipatimenti yake, apo ayi avomere yekha kusauka poyerekeza ndi anzake. Ndondomeko ya NIH yothandiza kubweza ngongole, yomwe imafika madola 50,000 pachaka, imapeputsako katunduyu, koma siichotsa.

Dipatimenti nayo ndalama zokwirira kusiyanaku imazipeza kwa odwala, ndipo apa ndi pamene gawoli limasiyana ndi ena. Lamulo la mu 1986 lotchedwa EMTALA limakakamiza zipatala zolandira ndalama za inshuwalansi ya boma ya Medicare kupima ndi kuthandiza aliyense wofika mwadzidzidzi, kaya ali ndi ndalama kapena ayi. Lamuloli ndi labwino ndipo sindikufuna kuti lichoke, koma lidabwera lopanda thumba, kotero kuti madipatimenti amenewa amasenza odwala ambiri osatha kulipira kuposa magawo monga a opaleshoni ya mafupa. Mkulu wa dipatimenti akasowa ndalama, njira yapafupi ndi kuwonjezera mashifiti a aliyense, ndipo oyamba kudyedwa ndi maola a kafukufuku.

Tiyenera kuona bwino chimene shifiti imachita kwa munthu. Dokotala wa matenda a impso amatha kupatula masiku ena a sabata kuti akhale mu labotale, odwala ake n'kuwapatsa tsiku lina. Wa odwala mwadzidzidzi sangauze ngozi kuti idikire. Amalowa 11 koloko usiku, amapeza odwala ogonekedwa kale atadzaza m'makonde chifukwa kuwodi kulibe mabedi, amasoka bala, amaika chubu chopumira pakhosi pa wina, amauza banja lina kuti m'bale wawo wamwalira, ndipo amatuluka 7 koloko m'mawa. Pa ndandanda tsiku limenelo lalembedwa kuti ndi la kafukufuku. Msonkhano wa ofufuza anzake uli 10 koloko, ndipo masamba 12 ofotokoza ndondomeko ya kafukufuku, amene NIH imafuna pa pempho la R01, akumudikira. Amene amati madokotala a gawoli alibe chidwi ndi sayansi ayambe ayesa kulemba chiganizo cholongosoka pa ola limenelo. Sindidabwa kuti mu 2023 malo 554 mwa malo pafupifupi 3,000 a maphunziro a ukatswiriwu adasowa owatenga pa ulendo woyamba wosankha, patangopita zaka ziwiri chitulukire kafukufuku wonena kuti pofika 2030 madokotala a gawoli adzachuluka kuposa ntchito. Ziwerengerozi zidakonzekanso m'zaka zotsatira, koma zidaonetsa kuti achinyamata amayang'anitsitsa moyo wa aphunzitsi awo asanasankhe.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti ndalama zochepa zomwe zalowa m'gawoli zabweza zambiri. Chitsanzo chomveka ndi kafukufuku wa RAMPART, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2012. Munthu akagwidwa khunyu yosalekeza, mankhwala odalirika ankaperekedwa kudzera mumtsempha, ndipo aliyense amene adayesapo kupeza mtsempha pa mkono womwe ukuphiriphitha, m'ambulansi yomwe ikuthamanga, akudziwa kuti mphindi zimatha singano isanalowe. Ofufuza adayerekeza njira imeneyi ndi kungobaya mankhwala a midazolam pamnofu wa ntchafu. Mwa odwala 893, amene adabayidwa pantchafu 73 pa 100 alionse adafika kuchipatala khunyu italeka, poyerekeza ndi 63 pa 100 mwa amene adalandira lorazepam mumtsempha. Yankho linali losavuta, lotchipa, ndipo lidasintha malangizo a ogwira ntchito m'maambulansi. Koma taonani kumene ndalama zake zidachokera: ku nthambi ya NIH ya ubongo ndi minyewa, pamodzi ndi mathumba a boma okonzekera kuteteza anthu ku zida za poizoni, chifukwa mpweya wa poizoni wa kunkhondo nawo umayambitsa khunyu. Funso la anthu wamba lidayankhidwa chifukwa lidapezeka kuti likukhudzanso chitetezo cha dziko.

Zoterezi zikuonekanso kwina. Gulu la zipatala za ku America la PECARN, lomwe lidayamba mu 2001 ndi ndalama za nthambi ina ya boma yosamalira chithandizo chamwadzidzidzi cha ana, lidatsatira ana oposa 42,000 ovulala m'mutu, ndipo mu 2009 lidatulutsa zizindikiro zothandiza dokotala kudziwa mwana amene safunika kujambulidwa ndi makina a CT. Kafukufuku wa CRASH-2, wotsogozedwa ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine makamaka ndi ndalama za boma la Britain, adalemba ovulala oposa 20,000 m'mayiko 40 ndipo mu 2010 adaonetsa kuti tranexamic acid, mankhwala akale otchipa, amachepetsa imfa kwa otaya magazi, kenaka mu 2011 adaonetsanso kuti amathandiza makamaka akaperekedwa maola atatu asanathe. Palibe kampani yomwe ikadalipira yokha kafukufuku woti makina ake agwiritsidwe ntchito mocheperako, kapena woyesa mankhwala amene aliyense ali ndi ufulu wowapanga. Mafunso ambiri a gawoli ndi otere, ndipo ndi chifukwa chake boma ndi mabungwe achifundo akapanda kulipira, palibenso wina wolipira.

Kafukufuku wa mtundu umenewu ali ndi mtengo wina umene ogawa ndalama sakonda kuuona. Wodwala wokomoka sangasaine chikalata chovomereza, ndipo achibale kawirikawiri amafika nthawi yopereka mankhwala itadutsa. Kuyambira mu 1996 malamulo a ku America amalola kuchita kafukufuku wotere popanda chilolezo cha wodwalayo, pokhapokha ofufuza atayamba akambirana ndi anthu a m'deralo ndi kulengeza poyera zomwe akufuna kuchita. Ntchito yokambiranayi imatenga miyezi, imadya ndalama, ndipo ndi yoyenera, chifukwa kuyesa mankhwala pa munthu wosayankhula si nkhani yoichepsa. Komanso odwala oyenera kulowa m'kafukufuku safika pa nthawi ya ntchito yokha, choncho pamafunika wothandiza ofufuza wokhala pamalopo usana ndi usiku. Thandizo la zaka zisanu likatha, anthu ophunzitsidwa bwinowa amabalalika, ndipo wofufuza wotsatira amayambiranso pachiyambi. Gulu la zipatala la SIREN, lomwe nthambi ziwiri za NIH zidakhazikitsa mu 2017, lidapangidwa pofuna kuthetsa zimenezi, ndipo ndi chinthu chanzeru kwambiri chomwe bungweli lachitira gawoli.

Ena amati njira yake ndi kutsegula nthambi yapadera ya NIH. Ine sindikhulupirira zimenezo. Nthambi yatsopano ingakhale yaing'ono, ndipo ingapatse nthambi zazikulu chifukwa chokanira mapempho ponena kuti pitani kwanu. Ena amati pempho labwino limapambana kulikonse, ndipo kudandaula ndi kwa olephera. Mfundoyi ili ndi choonadi chake, popeza alipo madipatimenti, monga a ku Michigan ndi Pittsburgh, amene amapeza ndalama zambiri za NIH. Koma madipatimenti amenewa adafika pamenepo chifukwa kwa zaka zambiri adateteza nthawi ya achinyamata awo ndi kuwapezera alangizi. Luso silidamere lokha. Kunena kuti mpikisano ndi wachilungamo pamene wina akulemba pempho atagona tulo tokwanira ndipo wina akulemba atachokera ku shifiti ya usiku ndi kudzinamiza. Dziko la Britain lidasankha njira yomwe ndikuiona yolongosoka: bungwe la boma lolipira kafukufuku wa zaumoyo la NIHR, lokhazikitsidwa mu 2006, limalipira malo a maphunziro a ukatswiri momwe gawo limodzi mwa anayi la nthawi ndi la kafukufuku kuyambira pachiyambi, ndipo pa sitepe yotsatira nthawiyo imafika theka. Nako madandaulo alipo, koma nthawiyo ndi yolembedwa m'pangano la ntchito, si chifundo cha bwana.

Nkhaniyi ikadakhala ya Amereka okha tikadaisiya pomwepa, koma zomwe amapeza kumeneko zimasanduka malangizo amene amafika m'zipatala zathu. Mu 2001 kafukufuku wa odwala 263 pa chipatala china cha ku Detroit adaonetsa kuti kupereka madzi ambiri a dilipi msangamsanga, pamodzi ndi njira zina zotsatira ndondomeko, kudachepetsa imfa za odwala matenda olowa m'magazi kuchoka pa 46 kufika pa 30 pa 100 alionse. Dziko lonse lidatengera. Padatenga zaka zoposa khumi, ndi kafukufuku wamkulu katatu ku America, Australia ndi Britain mu 2014 ndi 2015, kuti zidziwike kuti ndondomeko yonseyo siinkaposa chisamaliro chabwino cha masiku onse. Ku Africa yankho lidali loopsa kuposa pamenepo. Kafukufuku wa FEAST, wa ana oposa 3,000 ku Kenya, Uganda ndi Tanzania, adapeza mu 2011 kuti ana odwala kwambiri ndi kutentha thupi amene adathiridwa madzi ambiri mwachangu adamwalira ochuluka kuposa amene sadathiridwe, pafupifupi 10.5 pa 100 poyerekeza ndi 7.3. Mu 2017 zotsatira za ku University Teaching Hospital ku Lusaka zidaonetsa kuti akuluakulu amene adathandizidwa motsatira ndondomeko ya madzi ambiri adamwalira 48 pa 100, pamene olandira chisamaliro cha nthawi zonse adamwalira 33. Odwala a ku Lusaka ambiri anali ndi kachilombo ka HIV, operewera magazi ndi zakudya m'thupi, ndipo makina opumira oti awathandize madzi akadzaza m'mapapo anali osowa.

Uku ndi kuyankha amene amafunsa kuti kafukufuku n'ngwachiyani pamene chipatala chikusowa magolovesi. Popanda ofufuza a m'dera lathu, tikadapitiriza kupereka chithandizo chopha anthu tili ndi chikhulupiriro choti tikutsata sayansi.

Ndipo dera lathu laperekapo kale kanthu ku dziko lonse. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake adasintha kalandiridwe ka ana odwala: m'malo moti mayi aliyense adikire pamzere mpaka nthawi yake ikwane, wogwira ntchito wophunzitsidwa amayang'ana mwana aliyense akangofika, kuona kapumidwe, kuzizira kwa manja, kukomoka ndi kuuma kwa thupi, n'kupititsa patsogolo amene moyo wake uli pachiswe. Adalemba mu 2006 kuti imfa za ana ogonekedwa zidatsika kuchoka pakati pa 10 ndi 18 pa 100 kufika pakati pa 6 ndi 8. Maphunziro a ETAT a bungwe la World Health Organization, ophunzitsa kuzindikira ndi kuthandiza msanga ana odwala kwambiri, amene akugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri, adachokera pa ntchito ya ku Malawi imeneyi. Ukatswiri wa gawoli udavomerezedwa ku South Africa mu 2003, bungwe la African Federation for Emergency Medicine lidabadwa mu 2009, chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam chidayamba kuphunzitsa akatswiri mu 2010, ndipo Queen Elizabeth idatsegula gawo la akuluakulu odwala mwadzidzidzi ndi ovulala mu 2011. Komabe ndalama za kafukufuku kwathu kuno zimatsata Edzi, malungo ndi TB, ndipo katswiri wachinyamata wofuna kufufuza za ovulala pa kabaza kapena za ola loyamba la wodwala aliyense amakumana ndi khoma lomwe mnzake wa ku America akukumana nalo, kungoti iye ndi mmodzi mwa akatswiri owerengeka m'dziko lonse ndipo akachoka pa shifiti palibe womulowa m'malo. Msonkhano wa mayiko a World Health Organization, wotchedwa World Health Assembly, udagwirizana mu 2019 kuti mayiko alimbikitse chithandizo chamwadzidzidzi, koma chigamulo sichilipira munthu. Chaka cha 2025, pamene boma la America lidadula thandizo lakunja ndi kuyesa kutsitsa ndalama zoyendetsera mayunivesite pa thandizo la NIH kufika pa 15 pa 100, mfundo yomwe makhoti adaiimitsa, chidaonetsa kuopsa kodalira thumba limodzi lakutali.

Choncho ndikadakhala pa mpando wogawa ndalama, kaya ku Bethesda kumene kuli likulu la NIH, ku London kapena ku Lilongwe, ndikadayamba ndi zinthu zosaoneka bwino pa chithunzi. Nthambi iliyonse yomwe matenda ake amafika mwadzidzidzi ipatule gawo lodziwika la ndalama zake kuti lipite ku maola oyamba a matendawo, ndipo m'makomiti owunika mapempho mukhale madokotala ndi anamwino a gawoli, anthu odziwa chifukwa chake wofufuza sangalembe dzina la matenda wodwala asanapimidwe. Magulu a zipatala monga SIREN ndi PECARN alipiridwe mosadukiza, kuti othandiza ofufuza a usiku akhale antchito okhazikika. Ndipo kafukufuku aliyense wobwera ku Blantyre kapena ku Lusaka ndi ndalama zakunja alembe m'bajeti malipiro a dokotala kapena kiliniko ofesa wogwira mashifiti amene wofufuza wa pamalopo wawasiya, chifukwa popanda zimenezo mnzathuyo amangokhala wosonkhanitsa ziwerengero za ena.

Kwa dokotala wachinyamata amene akuganiza zolowa ku yunivesite, ntchitoyi ndi yoyenera kuifuna, ndipo njira zake ndi zambiri kuposa kale: kuphunzitsa, kuyendetsa ntchito za maambulansi, za poizoni, za ana, za kuunika odwala ndi makina a ultrasound pambali pa bedi. Koma ngati cholinga chanu ndi kafukufuku, musasaine musanafunse kuti mudzagwira mashifiti angati pamwezi, kuti nambala imeneyo yalembedwa pati, kuti dipatimenti idzakusungani zaka zingati musanapeze thandizo lanu loyamba, ndiponso kuti mwa anthu amene adalembedwa ntchito zaka zisanu zapitazo ndi lonjezo lomwelo, ndi angati akufufuzabe lero. Mukamve yankho la funso lomalizali kwa eni akewo, osati kwa mkulu wa dipatimenti.